Munda wa Bata: Malo Opumulira Pamaso pa Mulungu

Mawu owerenga: Marko 6:30-46, Yohane 18:1-2, Yohane 20:11-18, 1 Mafumu 19:1-13



Phunziro lathu la ulendo uno likukhudza chinthu chimene ambiri a ife tikuchisowa koma sitichitchula, ndicho malo ndi nthawi yokhala chete pamaso pa Mulungu. Kupemphera timapemphera ndithu: ku Misa, pa maliro, m'wodi kuchipatala ndi pa misonkhano ya Umodzi wa Amayi. Koma mapemphero onsewa ndi a pagulu, ndipo kawirikawiri amatipeza tili pa ntchito. Wina akutsogolera nyimbo, wina maso ali ku mphika, wina akugwedeza mwana kumbuyo. Tsono funso lathu ndi ili: kodi mayi wa kuno ku Chiradzulu ali ndi pena pamene angakhale pansi theka la ola, osaitanidwa ndi munthu, n'kumamvetsera Mulungu? Ngati palibe, kodi nthambi yathu singamukonzere malo otere?

Kutopa kwathu

Tiyambe ndi kuona moyo wathu monga ulili. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma la Chiradzulu munali anthu oposa 350,000, ndipo boma lathu ndi limodzi mwa maboma amene anthu ali othithikana kwambiri m'Malawi muno. Izi sitichita kuuzidwa. Nyumba ya mayi, ya mwana wake wamkazi ndi ya mdzukulu zili pabwalo limodzi. Ukatsokomola m'nyumba mwako, wa m'nyumba inayo akufunsa ngati wadwala. N'chokoma kukhala pakati pa abale, koma mtima wofuna kulira pamaso pa Mulungu umasowa kolowera.

Tsiku la mayi limayamba tambala atangolira. Kusesa, ku mjigo, phala la ana a sukulu, kumunda, nkhuni, kuchigayo, ndiwo. Ena mbandakucha amakhala atanyamuka kale ndi tomato kapena kabichi, ulendo wa ku Mbulumbuzi, ku Namadzi kapena ku Limbe. Madzulo tikati tigwade, tulo timatigwira tisanafike pa Ameni.

Palinso kutopa kwina kumene sikuoneka ndi maso. Ife a zaka 60 ndi kupitirira tikukumbukira zaka za m'ma 1990, pamene maliro ankachita kulandirana m'midzi. Mu 2001 bungwe la MSF linayamba kupereka ma ARV kuno ku Chiradzulu, ndipo ambiri amene tinkawaona ngati apita anadzuka n'kugwiranso khasu. Tiyamika Mulungu. Koma amene anasambitsa odwala zaka zonsezo, amene analera ana amasiye mpaka kuwakwatitsa, ambiri anali amayi. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala pa mudzi wa Ntauchira, kwa Mfumu Yaikulu Likoswe, ndipo tinataya abale. Tinaphika pa maliro, tinatonthoza ofedwa, tinagawa zovala. Koma ndi angati a ife amene anapeza mpata wokhala pansi n'kuuza Mulungu za chisoni chawochawo?

Ambuye Yesu anali ndi munda wopitako

Pa Marko 6 timawerenga kuti atumwi atabwerako ku ntchito imene anawatuma, anthu anawachulukira mpaka kusowa nthawi yakudya. Ambuye sanawawonjezere ntchito ina. Anawaitana kuti apatuke naye, apite kwa okha akapumule pang'ono. Tionetsetse kuti amene anaona kutopako ndi Yesu mwini, ndipo kupumulako linali lamulo lake. Khamu linawatsatirabe, Iye analimvera chisoni, analiphunzitsa ndi kulidyetsa. Koma zitatha zimenezo anakwera m'phiri yekha kukapemphera. Anthu anamusokoneza, monganso amatisokonezera ife, koma nthawi yake ndi Atate sanaitaye. Anangoisuntha.

Za munda wa Getsemane timakonda kukumbukira usiku umodzi wokha, wa kuperekedwa kwake. Koma Yohane 18:2 akutiuza chifukwa chimene Yudasi anawadziwira malowo: Yesu ankasonkhanako kawirikawiri ndi ophunzira ake. Luka 22:39 akunenanso kuti kupita ku Phiri la Azitona chinali chizolowezi chake. Munda umenewu unali tsidya lina la mtsinje wa Kedroni, pafupi ndi Yerusalemu, woti munthu n'kufikako wapansi. Dzina lakuti Getsemane limatanthauza mopondera mafuta a azitona, kusonyeza kuti anali malo a ntchito za ulimi, monga madimba athu. Phunziro lalikulu lili apa, amayi. Tsiku la msauko litafika, Ambuye sanayambe kufunafuna kopempherera. Miyendo yake inkaidziwa kale njira.

Baibulo lonse lili ndi minda ndi mitengo. Mulungu anaika munthu woyamba m'munda kuti aulime ndi kuusunga, ndipo m'mundamo ndi mmene ankamuyendera kunja kukazizira. Isake anapita kumunda madzulo kukasinkhasinkha. Natanayeli, Yesu anamuona ali pansi pa mkuyu Filipo asanamuitane. Mneneri Eliya, atathawa Yezebeli, anakhala pansi pa kamtengo m'chipululu napempha imfa. Mulungu sanamudzudzule. Anamulola kugona, anamudyetsa, anamulolanso kugona, ndipo pambuyo pake pa Horebu analankhula naye mwa kamawu kofatsa, mphepo, chivomezi ndi moto zitapita.

Manda a Ambuye analinso m'munda. M'menemo Mariya wa Magadala anatsala akulira, Petro ndi mnzake atabwerera kunyumba. Chifukwa anatsala, anamva dzina lake likuitanidwa, ngakhale poyamba anayesa kuti akulankhula ndi wosamalira munda. Uthenga wa kuuka unayamba kuperekedwa kwa mayi amene sanafulumire kuchoka. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mpingo wathu unayambira panja

Ife a Anglican a m'boma lino nkhani imeneyi siyenera kutidabwitsa, pakuti mpingo wathu m'Malawi unayambira pa nthaka yathu ino kulibe tchalitchi cha njerwa. Mu Julayi 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni ya UMCA anafika pa Magomero pamodzi ndi David Livingstone, nakhazikika m'mudzi wa mfumu Chigunda, m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi. Anali ndi gulu la anthu omasulidwa ku ukapolo, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Ankakhala m'nyumba za udzu, pakati pa nkhondo, njala ndi kamwazi. Bishopuyo anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 kufupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire. Mnzake Henry Burrup anamuika m'manda, nabwerera ku Magomero ali wodwala, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho anamwalira naikidwa pomwepo. Mu Epulo otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa.

Ntchito ya pa Magomero sinathe ngakhale chaka chimodzi, ndipo kwa oona ndi maso inaoneka ngati yalephera. Koma mu Okutobala 2011 Akibishopu wa ku Canterbury wa nthawi imeneyo, Rowan Williams, anabwera kuno ku Malawi kudzakondwerera nafe zaka 150 za mpingo. Amene mwafikako pa manda a Burrup mukudziwa kuti palibe za ulemerero. Koma munthu ukaimapo mawu amachepa okha. Malo amene anthu apempherapo ndi kulirapo amaphunzitsa mtima kudekha.

Chizolowezi cha m'bindikiro tili nachonso. Ena mwa ife tinakhalako ku Chilema, kufupi ndi Malosa m'boma la Zomba, ndipo tinabwerako mitima itapepuka. Vuto ndi lakuti ulendo wotere umafuna ndalama ya minibasi, ya chakudya, ndi munthu wotsala ndi ana. Amapitako ndi atsogoleri awiri kapena atatu. Mayi wamasiye amene akulera zidzukulu zisanu, amene akufunikira mpumulowo koposa tonse, ndiye amatsala.

Akhristu anzathu a ku England anakumana ndi funso lomweli. Mu 1992 wansembe wa Anglican, Bambo Philip Roderick, anayambitsa ntchito yotchedwa Quiet Garden Movement, kutanthauza minda ya bata. Munda woyamba unali wa pakhomo pa banja lina ku Stoke Poges, m'chigawo cha Buckinghamshire. Maganizo ake anali apafupi: munthu amene ali ndi munda pakhomo, kapena tchalitchi chimene chili ndi bwalo, atsekule malowo pa masiku oikika kuti aliyense wofuna adzakhalemo chete ndi kupemphera. Maziko ake ndi mawu omwe aja a pa Marko 6:31, ndipo ntchitoyi inafalikira m'mayiko ena. Ife sitisowa kutengera maluwa awo kapena mipando yawo. Chotengera n'chakuti m'bindikiro ungathe kubwera pafupi, pamtunda woti gogo n'kufikapo ndi ndodo yake.

Mafunso awiri ofunika kuwayankha

Wina adzati, "Nanga si anthu amapita kuphiri kukapemphera?" Zoona, ndipo sitikunyoza. Ambuye nawonso ankapemphera m'phiri. Koma tiyeni tinene chilungamo. Mayi wa nyamakazi sangakwere phiri la Chiradzulu. Mayi woyamwitsa sangachezere usiku kuthengo. Kumapiri kwachitikira amayi ndi atsikana zoipa, ndipo ena adwala chifukwa anauzidwa kusala kudya ndi kusiya mankhwala. Kwa mayi wa ku Samariya, pa Yohane 4, Ambuye ananena poyera kuti kupembedza koona sikudalira phiri ili kapena lija. Mulungu ali pafupi chimodzimodzi pansonga pa phiri ndi kuseri kwa tchalitchi.

Winanso adzati, "Kodi kupemphera pansi pa mtengo sikubwerera ku za makolo, zothira nsembe patsinde pa msolo?" Funsoli ndi labwino, ndipo tiliyankhe lisanasanduke mphekesera. M'munda wa bata sitithira ufa, sitiika mowa, sitiitana mizimu. Mtengo ntchito yake ndi mthunzi basi. Masamba ake, dothi lake ndi madzi ake zilibe mphamvu yochiritsa kapena yochotsa tsoka, ndipo pasapezeke wotapa dothi la m'mundamo kupita nalo kunyumba. Timapemphera kwa Atate, mwa Mwana, mu mphamvu ya Mzimu Woyera, monga momwe timachitira m'tchalitchi. N'chifukwa chake tikulangiza kuti pakhale mtanda woonekera, ndiponso kuti wansembe adalitse malowo mpingo wonse ukuona. Mundawu sulowanso m'malo mwa Misa. Umatikonzekeretsa kuti tikafike pa guwa mtima uli m'malo.

Mawu a anamwino

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino tionjezepo pang'ono. Munthu akabwera kudzayezetsa BP, timamuuza kuti ayambe wakhala pansi mphindi zisanu osalankhula. Timatero chifukwa kuyenda, mantha ndi mkwiyo zimakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kukhala phee kumatsitsa. Munthu akamapuma mpweya pang'onopang'ono, mtima umagunda modekha ndipo minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imamasuka. Mulungu anatilenga motero. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Tsono kupumula si ulesi ayi. Thupi ili ndi kachisi wa Mzimu Woyera, ndipo likagwa, banja lonse limagwa nalo.

Koma timveke bwino. Munda wa bata si chipatala. Amene akumwa mankhwala a BP, a shuga, a khunyu, a TB kapena ma ARV apitirize kumwa pa nthawi yake. Wodwala shuga asasale kudya popanda kufunsa kuchipatala. Ndipo ngati mayi watha milungu iwiri kapena kuposerapo osagona, osafuna kudya, akungolira, kapena akunena zofuna kudzipha, tisangomuuza kuti apemphere kwambiri. Timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo tisamusiye yekha. Matenda a nkhawa ndi matenda ngati ena onse, ndipo thandizo lake lilipo.

Ku Harare, m'dziko la Zimbabwe, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa mu 2006 ntchito yotchedwa Friendship Bench. Agogo aakazi ophunzitsidwa bwino amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu olemedwa mtima. Ife maphunziro amenewo tilibe, koma tingatolepo kanthu: benchi, mthunzi ndi khutu la mayi wosunga chinsinsi ndi zinthu zamphamvu. Choncho pa tsiku lotsekula munda pazikhala mayi mmodzi wokhwima maganizo chapakhomo, kuti wotuluka ali ndi misozi apeze womugwira dzanja.

Kakonzedwe kake

Malo tilibe ambiri, tikudziwa. Koma sitikunena za ekala. Mapazi khumi m'litali ndi khumi m'lifupi akwanira amayi anayi kapena asanu okhala motalikirana. Mutu umodzi susenza denga, choncho ntchitoyi ikhale ya nthambi yonse.

Choyamba, tikambirane ndi wansembe ndi akuluakulu a mpingo. Ngati malowo ali kunja kwa bwalo la tchalitchi, a mfumu adziwe, ndipo mwini malo avomere pamaso pa mboni. Kuno minda yambiri imayenda ku chikazi, kotero pali amayi pakati pathu amene angathe kubwereketsa kangodya ka dimba kapena kuseri kwa nyumba, atagwirizana ndi abambo ndi eni mbumba. Kubwereketsa si kupereka, ndipo zimenezi zilembedwe m'buku la nthambi kuti ana asadzakangane m'tsogolo.

Chachiwiri, tisankhe pamene pali kale mtengo wa mthunzi, monga mango, peyala kapena mkuyu, patali ndi msewu, chigayo ndi malo omwera mowa, koma poti anthu n'kuonako. Malo obisika kwambiri si abwino kwa amayi.

Chachitatu, timange mpanda chifukwa cha mbuzi ndi nkhuku. Wa udzu kapena wa mapesi ndi wokwanira poyamba. Tipewe nkhadze, chifukwa utomoni wake umawononga maso a ana, ndiponso nsatsi, chifukwa njere zake ndi poizoni. Vetiva m'mphepete amagwira nthaka.

Chachinayi, tidzale zothandiza. Mvula ikayamba mu Disembala tiike cham'mwamba, mapapaya, magwafa ndi maluwa amene tili nawo kale pakhomo. Maluwawo adzakongoletsa guwa Lamulungu, ndipo zipatso ndi masamba zidzapita kwa odwala amene timawayendera. M'chilimwe madzi otsukira mpunga ndi ndiwo asatayike, tiziwathira pa mbande.

Chachisanu, pokhala. Zipika, njerwa zosanjikiza kapena mikeka n'zokwanira, koma pakhale mpando umodzi wotsamira wa okalamba ndi amayi oyembekezera. Njira ikhale yosalala kuti wa ndodo kapena wa njinga ya olumala alowe. Udzu uzikhala waufupi chifukwa cha njoka, ndipo pasakhale zitini kapena maenje osunga madzi, poopa udzudzu.

Malamulo a m'mundamo

Munda ungakongole, koma ukasowa mwambo udzasanduka bwalo la macheza. Tikupempha nthambi iliyonse igwirizane pa izi. M'mundamo mulibe ulaliki, mulibe kwaya, mulibe chopereka. Foni izimitsidwe pakhomo. Nkhani za ngongole ya banki m'khonde, za yunifolomu ndi za masankho a komiti zitsale kunja kwa mpanda. Munda uzitsekulidwa masana okha. Aliyense ndi wolandiridwa, wa Umodzi ndi wosakhala wa Umodzi, wa mpingo wathu ndi wa mpingo wina, ndipo palibe womufunsa chimene wabwerera. Amene waona mnzake akulira m'mundamo, nkhaniyo ithere pomwepo. Ikangomveka ku mjigo kamodzi, palibenso adzabwere.

Lamulo lina ndi la chikondi. Mayi wa ana aang'ono sangakhale chete ngati palibe womulandira mwana. Tizisinthana, awiri azisewera ndi ana kutsogolo kwa tchalitchi pamene anzawo ali m'munda. Chimodzimodzi amene akudwazika matenda kunyumba: mmodzi wa ife akakhale ndi wodwalayo ola limodzi kuti mnzathu apume. Mary Sumner atayambitsa bungwe lathu mu 1876 ku Old Alresford, cholinga chake chinali chakuti amayi azithandizana kulera mabanja m'chikhristu. Kulandira mnzako mwana kuti akapemphere ndi ntchito yeniyeni ya Umodzi.

Theka la ola tingalithe bwanji

Ambiri a ife kukhala chete sitinakuzolowere, ndipo tsiku loyamba mphindi zisanu zidzatalika ngati ulaliki wa pa maliro. Musadandaule. Nayi njira imodzi yosavuta.

Mukalowa, dzilembeni chizindikiro cha mtanda, mukhale pansi bwinobwino. Kwa mphindi zisanu muzingopuma mpweya mofatsa, mukuyang'ana zimene Mulungu analenga: tsamba, nyerere, mtambo. Kenaka werengani ndime yaifupi kawiri, pang'onopang'ono. Salmo 23, 62, 121 kapena 131 ndi poyambira pabwino. Amene maso avuta kapena sukulu inawadutsa, mnzawo awawerengere chapakhomo asanalowe, kapena agwire vesi limene analoweza ali ana.

Tsopano khalani chete mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu. Maganizo adzabwera ndithu: fizi, feteleza, mwana amene ali ku Joni osaimba foni, mawu amene apongozi ananena dzana. Musalimbane nawo. Lililonse likabwera, litchuleni pamaso pa Ambuye, mulisiye m'manja mwawo, mubwerere ku dzina la Yesu. Tonse timadziwa madzi otunga kumtsinje nthawi ya dzinja. Ukamawavundula sayera, koma ukaika ndowa pansi n'kuisiya, matope amakhazikika okha. Mtima ulinso chimodzimodzi.

Mukaona mnzanu akusinza, musamugwedeze. Kumbukirani Eliya. Mwina tulo timeneto ndiye mphatso imene Mulungu wamukonzera tsikulo. Pomaliza, thokozani Mulungu pa zinthu zitatu, nenani Pemphero la Ambuye, mutuluke mwakachetechete.

Tisayembekezere masomphenya kapena mawu ochokera kumwamba. Masiku ambiri sipadzachitika chooneka. Chipatso chake chidzadziwika kunyumba: pa kayankhidwe kathu kwa abambo, pa dzanja limene linafuna kumenya mwana koma labwerera, pa mpongozi amene tamukhululukira. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Kalendala ya mpingo itithandize. Nyengo ya Lenti ndi nthawi yabwino yoyambira. Lachinayi Loyera, pamene timakumbukira Ambuye ali m'Getsemane, tingasinthane m'mundamo masana tisanapite ku mapemphero a madzulo. M'mawa wa Pasaka tingawerengeremo Yohane 20. Pa 25 Malichi, tsiku limene mngelo analonjera Mariya, ndi pa 9 Ogasiti, tsiku lokumbukira Mary Sumner, nthambi ingapatule m'mawa wonse kukhala m'bindikiro, popanda wolipira minibasi.

Kwa amene akuti nthawi palibe

Ili ndilo dandaulo lalikulu, ndipo ndi loona. Koma taonani, amayi. Belu la maliro likalira, tonse timasiya makasu. Tsiku la sikelo likafika, nthawi imapezeka. Timapeza nthawi ya zimene tagwirizana kuti n'zofunika. Theka la ola pa mlungu silingagonetse munda. Kwa abambo kunyumba tifotokoze bwino kumene tikupita ndi nthawi yobwerera, ndipo ngati afuna, adzaone okha. Abambonso ali ndi zowalemera zimene sanena, ndipo mwina bungwe lawo lidzapempha tsiku lawo.

Kwa ife atsogoleri pali chenjezo lapadera. N'kosavuta kukonza munda, kulemba ndandanda ya othirira, kuitana wansembe kudzadalitsa, kulemba lipoti la ku dayosizi, koma eni akefe osakhalamo ndi tsiku limodzi lomwe. Tikatero tidzakhala tangowonjezera katundu pamutu pa amayi otopa kale. Marita anali wokondedwa wa Ambuye, ndipo ntchito yake inali yofunika, koma anauzidwa kuti Mariya wasankha dera labwino. Wapampando, mlembi ndi msungichuma akhale oyamba kuzimitsa foni n'kukhala pa mkeka.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Pa mlungu wathawu, ndi liti pamene munakhala nokha ndi Mulungu popanda chogwira m'manja?
2. Werengani Yohane 18:1-2. Kodi chizolowezi cha Ambuye chopita ku Getsemane chinawathandiza bwanji pa usiku wa kuperekedwa?
3. M'nthambi yathu, ndi amayi a mtundu wanji amene sapeza mpumulo konse? Popanda kutchula mayina, tingawalandire ntchito iti kwa ola limodzi?
4. Ndi malo ati pa tchalitchi pathu kapena m'mudzi mwathu amene angakhale munda wa bata? Ndani akalankhule ndi wansembe, ndipo pofika liti?
5. Tidzatani kuti zoonedwa m'mundamo zisatuluke kunja?

Pemphero

Ambuye Yesu, Inu amene munaona kutopa kwa ophunzira anu ndi kuwaitana kuti apumule, yang'anani ife adzakazi anu a m'midzi ya Chiradzulu. Mukudziwa mitolo imene tasenza, yooneka ndi yosaoneka. Tipatseni kangodya ka nthaka ndi mthunzi wa mtengo, ndipo koposa zonse tipatseni mtima wodekha. Tiphunzitseni kulandirana ana ndi odwala, kusungirana chinsinsi, ndi kudikira mpaka timve mukutiitana ndi dzina monga munaitanira Mariya m'munda muja. Tikatuluka m'menemo, tibwerere ku mabanja athu ndi mtendere wanu. Tapempha m'dzina lanu, Inu amene muli ndi moyo ndi kulamulira pamodzi ndi Atate ndi Mzimu Woyera, Mulungu mmodzi, mpaka muyaya. Ameni.